Kapeti wa Mayi Telala

Nkhaniyi anandiuza ndi kalipentala wina wopanda chala chimodzi, tsiku limene basi inatifera panjira ife n'kukhala pansi kudikira makaniko. Ankandiuza akupukusa mutu ngati zachitika dzulo.

Iyeyu ankagwira ntchito ku ofesi yoyang'anira nyumba za boma, zosanjikizana zija. Kunabwera dongosolo lothandiza okalamba kuti azikhalabe m'nyumba zawo: kuwakhomera zogwirira, kukonza masitepe, kuchotsa chilichonse chopunthwitsa. Akamaliza, m'mawa mwake kunkabwera mayi wa ku ofesi kudzayendera. Wopezeka kuti sangathe kudzisamala ankamupititsa kosungirako okalamba, makiyi n'kupatsa wina.

Tsiku lina anakwera kunyumba yachinayi m'mwamba, kwa mayi wina amene anakalamba akusoka zovala. Onse ankangoti Mayi Telala.

"Lowani, bambo," anatero mayiwo. "Koma nsapato zanuzo zikulira ngati mwabwera ndi ng'ombe."

M'nyumba munali mwaudongo, koma pansi ponse panali tizidutswa ta kapeti tosokedwa pamodzi, kuchoka pabedi kupita kubafa, kuchoka kubafa kupita kukhitchini. Pepala la ntchito linkanena momveka kuti zoyala pansi zonse zichoke. Mayiwo atakhala pakhonde kuothera dzuwa, iye anakulunga zonse, natsika nazo, n'kuziponya m'galimoto ya zinyalala imene inali itangofika. Tebulo analikankhira pakati kuti akhome bwino.

Akuboola khoma m'bafa anamva phokoso, kenako mbale zikusweka. Anapeza mayi ali pansi, chipumi chikutuluka magazi, manja akupapasa simenti.

"Njira yanga ili kuti? Mwaichotsa ndani njira yanga?"

"Njira iti, mayi?"

"Yokhakhala ndi ya kubafa. Yosalala ndi ya kukhitchini. Bambo inu, mwandipha!"

Kalipentala akuti anawayandikira. Anagwedeza dzanja pamaso pawo, maso osaphethira. Atayang'ana kukhoma anaona kalendala ya zaka zitatu zapitazo. Anayatsa getsi, babu lakufa kalekale.

"Mayi, simuona?"

"Fuulani kwambiri, apansi sanamve."

Zaka zitatu! Kuphika, kuchapa, kulonjera anthu pamasitepe powazindikira mayendedwe, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa. Ngakhale mwana wawo, woyimba foni Lamlungu lililonse.

"Mawa akabwera wa ku ofesi nditayika m'nyumba yangayanga," anatero. "Kosungirako okalamba kuja akandigoneka pabedi la eni, kundidyetsa ndi supuni. Muno ndimadziwa pali singano iliyonse."

Kalipentala uja anathamangira pansi, n'kupeza galimoto ya zinyalala itapita. Pobwerera, atawamanga bala, anayang'anayang'ana m'nyumbamo. Ndipamene anaona pakhoma mzere wakuda wofika m'chiuno, pomwe dzanja lawo linkakhudza tsiku ndi tsiku. Anatenga matabwa onse a nyumba zitatu zotsatira, nakhoma chogwirira motsata mzerewo. Cha kubafa anachisema timipata, cha kukhitchini anachipala mpaka see. Tebulo analibwezera pa zipsera za miyendo yake, babu n'kusintha, kalendala n'kuika m'thumba.

"Yesani, mayi."

Anayenda kawiri, kachitatu osagwiranso mwamantha. "Ukalipentala mumautha," anatero. "Nzeru ndiye munasiya kwanu."

M'mawa kalipentalayo anabwera dala, ati kudzalimbitsa sikulu yotsala pa chogwirira. Mayi wa ku ofesi anakhala pampando ndi fomu yake. Mayi Telala, duku litaphimba bala, anapita kukhitchini, nabwera ndi tiyi, nathira m'kapu osataya dontho.

"Maso bwanji, agogo?"

"Okwanira kuona kuti simunadye m'mawa uno. Mimba yanuyo ikuchita kuyankhula."

Wa ku ofesi anaseka, nayang'ana chogwirira chosemedwa chija nthawi yaitali ndithu, kenako anasaina. Makiyi anatsala m'thumba la Mayi Telala.

Kalipentala amakhulupirira mpaka lero kuti anamupusitsa wa ku ofesi uja. Ine zakapeti ndikuzivomera, zakhungu zaka zitatu ndikuzivomeranso, ndaona zambiri m'maulendo anga. Koma zoti munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana okalamba m'maso sanaone kanthu, zimenezo ndiye ndikukayika.