Mgwala wa pa Bwalo la Barreteros

Loweruka m'mawa, mawa lake timu ya Barreteros ikukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, a Eleuterio Zamudio anatsetserekera kubwalo la mpira atanyamula ndowa ya laimu kumanja, mgwala uli paphewa.

Mgwalawo unali wa malemu bambo awo. Bambowo ndi anzawo khumi ndi awiri, onse okumba siliva mumgodi wa kuphiri, ndi amene anasalaza bwaloli. Ankatuta dothi lotayidwa kumgodi pa mawilibala Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi, kwa chaka chathunthu. Magolo anawapanga ndi njanji zakale za ngolo zapansi. Popeza ankadziwa kuti mudzi wonse wa San Bartolo wakhala pamwamba pa ngalande za mgodi, anasiya lamulo limodzi lomwe silinalembedwe paliponse: chaka chilichonse, mizere isanajambulidwe, munthu wa mumgodi azigogoda bwalo lonse ndi mgwala, monga ankagogodera denga la pansi asanayambe ntchito. Nthaka yolimba imayankha mwachidule. Nthaka yomwe pansi pake pali mphako imalira ngati ng'oma.

Mgodi unatsekedwa kalekale. Mapampu atazimitsidwa madzi anadzaza m'ngalande, ndipo mitengo yochirikiza inatsala ikuwola yokha mumdima. Mwa anthu omwe anagwirako pansi, m'timumo munatsala a Eleuterio okha. Khutu lawo lamanzere linafa ndi mabomba ophwanyira miyala, choncho akamenya pansi ankatsamiritsa mutu wa mgwala pafupa la kuseri kwa khutu kuti amvere m'chigaza.

Anayambira kugolo yakumwera. Masitepe asanu, kugogoda, kumvetsera. Pakati pa bwalo nthaka inayankha monga mwa zaka zonse. Atafika pamalo omenyera penate kugolo yakumpoto, anagogoda, n'kuima chilili. Anagogodanso. Kulira kwake kunalowa m'mano, kunatsika m'khosi, kukumveka ngati kukuchokera kutali kwambiri. Anasendera mkati mwa golo momwe, pamalo pomwe udzu unatha ndi mapazi a mwana wawo Rutilio, goloboyi wa timuyo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Pamenepo ndiye ng'oma yeniyeni.

A Fidencio Olvera, wapampando wa timu, yemwenso amagulitsa nyama pamsika, anafika akutafuna paste yotentha, kabuledi kokhala ndi nyama mkati. Kumbuyo kwawo kunali Rutilio ndi maukonde a magolo.

"Madala, nthaka yati bwanji chaka chino? Tiwina?" anafunsa a Fidencio.

"Mawa pasaseweredwe mpira pano."

A Fidencio anaseka mpaka nyenyeswa kugwera pamalaya. "Ine ndaitana gulu la malipenga, abambo mfumu akubwera kudzadalitsa majezi, anyamata a timu ya kutsidya alonjeza kudzatichapa zigoli zisanu, ndiye inu mukuti chiyani? Khutu lomweli lomwe silimva mayi akunyumba akamaitana, lero lamva za pansi pa dziko?"

"Gwirani nokha mumve."

Anagwira, anagogoda mwamphamvu ngati akuswa fupa la ng'ombe. "Chitsulo basi. Chikulira ngati chitsulo."

Rutilio sanaseke, koma anayang'ana kumbali. "Bambo, ine ndadzigwetsa apa kangati? Ndi thupi langali, pakanakhala dzenje bwenzi nditalipeza kale."

"Mitengo siiwola tsiku limodzi, mwana wanga."

Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. A Eleuterio sanakweze mawu, anangokhala pandowa yawo n'kunena kuti laimu satuluka. Chiyambire timuyi palibe munthu wosakhala wa mumgodi anajambulapo mizere pabwalopo, ndipo ngakhale a Fidencio analibe mtima woyamba iwo. Potsiriza anagwirizana zofupikitsa bwalo. Masana onse amuna asanu ndi mmodzi anafukula njanji za golo yakumpoto, akutukwana dzimbiri ndi okalamba omwe, n'kukazizika masitepe makumi awiri kutsogolo, pomwe mgwala unayankha bwino.

"Bwalo la ana a sukulu ili," anatero a Fidencio. "Rutilio akamenya mpira ukagwera m'manja mwa goloboyi mnzake."

A Eleuterio anajambula mizere yatsopano mtima uli m'malo. Mwana wawo sadzaimanso pang'oma ija.

Lamulungu a Eleuterio anachedwa kufika chifukwa cha bondo. Atatulukira pakona ya tchalitchi n'kuona bwalo, anaona pomwe analakwitsa. Anali ataiwala chinthu chomwe ngakhale mwana wakhanda wa ku San Bartolo amachidziwa: ochemerera a Barreteros amaima kuseri kwa golo yakumpoto. Akhala akutero kuyambira masewero oyamba, chifukwa nthawi ya masana mthunzi wa phiri umayambira kumeneko. Ndipo lero anapeza malo otakasuka, osalala bwino, ngati awakonzera dala. Oimba malipenga anali pomwepo ndi ng'oma yawo yaikulu. Amayi anayala matebulo a mapaste ndi mitsuko ya mowa wa pulque. Anthu oposa zana ankadumpha pamodzi, kuimba nyimbo yonyoza a kutsidya.

A Eleuterio anakuwa, koma malipenga anameza mawu awo. Anagwira mnyamata wina pamkono, mnyamatayo n'kuwapatsa kapu ya mowa. "Imwani madala, lero ndi tsiku lanu!" Wezulo inalira, mpira unayamba.

Ndowa ya laimu inali pomwe anaisiya dzulo, pansi pa benchi. Anainyamula n'kulowa m'chigulu muja, akuwerama, akuthira laimu ndi dzanja pakati pa miyendo ya anthu. Ena ankalumpha kuteteza nsapato zawo, ena ankati mkuluyu zamusokonekera. Anajambula mzere umodzi wautali wopingasa, n'kubwerera kukayamba wina wodutsana nawo.

Woyamba kuzindikira anali mayi Crescencia, omwe amuna awo anatsalira mumgodi denga litagwa, zaka makumi atatu zapitazo. Anaona mtanda woyera ukukula pansi pa tebulo lawo. Mumgodi, mtanda wa laimu pakhomo la ngalande unkatanthauza chinthu chimodzi chokha, ndipo mkazi aliyense wa wokumba ankachidziwa ngakhale sanatsikeko. Anasiya ufa womwe ankakanda.

"Chokani! Iwe Anselmo, tenga ng'oma yakoyo uzipita! Simukuona? Nyamulani ana!"

Amayi ena achikulire anayang'ana pansi, n'kuyamba kukoka adzukulu awo osafunsa. A Fidencio anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, musatiwonongere chikondwerero ndi za mkuluyu!"

"Fidencio, bambo ako anatuluka amoyo chifukwa anaona chizindikiro ichi n'kubwerera. Mwamuna wanga sanachione. Gwira tebulo uko."

A Fidencio anagwira tebulo.

Posakhalitsa kuseri kwa golo kunatsala mbee, mtanda wokha ndi makapu ogwa. Anthu anaunjikana m'mbali mwa bwalo padzuwa, akung'ung'udza. Nyimbo sinayambenso bwino. A Eleuterio anakhala pandowa yopanda kanthu pafupi ndi njanji ya golo, manja ali oyera mpaka m'zigongono, akumva maso a mudzi wonse kumsana kwawo. Nthaka inali phee, yosalala ngati kale. Anayamba kudzifunsa ngati n'zoona kuti fupa la kuseri kwa khutu nalonso limakalamba.

Chigawo chachiwiri chili mkati, womwetsa zigoli wa kutsidya anamenya mpira wamphamvu womwe unadutsa pamwamba pa golo. Unadunda kawiri kuseri kuja n'kuima pamphepete pa mtanda. Rutilio anatembenuka mwachizolowezi, nayamba kuthamangira komweko.

"Rutilio."

A Eleuterio sanakuwe. Mwanayo anaima, phazi limodzi lili kale kunja kwa mzere.

"Bambo, ndi apa pokha. Masitepe khumi."

"Tauyang'ana."

Kunalibe mphepo. Mpirawo unagwedezeka pang'ono, n'kuyamba kugubuduka wokha, pang'onopang'ono, pabwalo lomwe amuna khumi ndi atatu analisalaza ndi chingwe ndi thabwa. Unatsata mzere wa laimu mpaka pomwe mizere iwiri ija inakumana, unazungulira kamodzi ngati madzi m'beseni, n'kukhazikika.

Oyimbira anachotsa wezulo pakamwa. Rutilio anabweza phazi lake mkati mwa mzere, n'kubwerera chambuyo mpaka anagunda phewa la bambo ake.

Patapita nthawi a Fidencio anafunsa motsitsa mawu, osayang'ana munthu, ngati alipo anabweretsa mpira wina. Onse ankayang'ana uja, woyera pakati pa mtanda woyera, mthunzi wa phiri ukuyandikira pomwe unali.