Njinga yopanda chishalo

Ba Whyson ine sindinawakondepo, ndinene poyera, ngakhale anachita lendi m'nyumba yanga ku Chawama zaka zambiri. Anali mlonda pa fakitale ina ku Indasitiyo, munthu wamtali ngati mtengo wamagetsi, wopita kuntchito dzuwa likupendeka n'kubwera m'mawa kudzagona. Njinga yawo inkagona m'nyumba pafupi ndi bedi. Mkazi wawo Mainess, mtsikana wamfupi wakwathu ku Katete, ankaloledwa kuipukuta basi. Iwo ankati mkazi wokwera njinga sasiyana ndi wam'bala.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene unga ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkasowa ngati mankhwala. Ukamva kuti unga wafika ku Matero kapena m'tauni, wofika msanga pamzere ndiye ankadya. Mainess ankadikira kuti bambo ayambe nkonono, n'kutulutsa njinga mwakachetechete. Ankamasula bawuti ndi pulayala, kutsitsa chishalo mpaka pansi, kumanga chitenje, ulendo. Akabwera ndi thumba pakeriyala, ankakwezanso chishalocho mongoyerekeza ndi maso. Tonse pamdadada tinkadziwa, kupatula mwini njinga. Iwo ankangodya n'kumadzitama kuti kwawo njala siigona.

Tsiku lina akupita kuntchito anagunda dzenje pafupi ndi msika, ndipo chitsulo chogwira chishalo chinathyoka. Anakhalira chotsalacho, chinawang'amba m'ntchafu koopsa. Kuchipatala anawasoka, anabwerako ndi ndodo, akuyenda chotang'adza. Mainess sankadya ndi mantha, ndipo ine ndinkamumvera chisoni kwambiri.

Atayamba kupeza bwino anaitanitsa ba Mukupa, wokonza njinga kumsika, kuti anene chinathyola chitsulocho. Anthu anali atayamba kale zawo: ena amati dzimbiri, ena amati zitsulo za masiku ano n'zabodza, ena amati wina wakuntchito anawatchera. Ba Mukupa anachitembenuza padzuwa, anthu tili mbwee.

“Nguwe palibe apa,” anatero, kunena dzimbiri. “Onani vokalika ivi. Chishalo ichi chimaseluka na kukwela masiku onse, bawuti yachita kusila. Wamene anakweza anakweza maningi, mukati munasala kang'ono chabe. Ba Whyson, kuli kamuntu kafupi kamene kamayenda na njinga yanu.”

Pakamwa pa ba Mukupa mpopanda chitseko. Ananena zoona, koma zoona zina umayamba waona kaye amene wakhala pafupi.

Mukuganiza kuti bambowo anayang'ana mkazi wawo? M'mutu mwawo munalibe malo a mkazi wopalasa njinga. Anati munthu wotulutsa njinga m'chipinda iwo ali mtulo ndi amene amatsegulidwira chitseko, ndipo mwamuna wamfupi pamdadada wathu ndi telala Kapambwe. Telalayo, munthu wosalakwa, atangomva anatseka makina n'kuthawira kwa m'bale wake ku komboni ya George. Kuthawako ndiye kunakhala ngati umboni.

M'mawa mwake zovala za Mainess zinali panja, zomangidwa m'chitenje. Ba Whyson anaitana acheyamani a chipani a sekishoni yathu, amene ankaweruza milandu ya m'mabanja m'komboni, ndipo anthu anadzaza bwalo langa. Mainess anagwada.

“Ndine ndimakwera, bambo. Ndimapita kukafuna unga. Palibe mwamuna aliyense.”

Amuna anaseka. Ine ndinaimirira n'kunena kuti ndakhala ndikumuona ndi maso angawa, koma acheyamani anati azimayi timabisirana. Magazi anandiwira, ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti unga umene ankadya pamsonkhano wa chipani unkabwera wokha kodi.

“Abisa chibwenzi chake,” anatero ba Whyson. “Uyu njinga saiziba. Ngati niwe, kwela tione.”

Njingayo inali itatsamira khoma, yopanda chishalo, chitsulo chothyoka chili chilili ngati mpeni. Ndinamugwira mkono kuti asayese, koma anandichotsa dzanja.

“Ndikakwera, mubweza zovala zanga m'nyumba?”

“Kwela chabe.”

Anakwinya chitenje, kuponda pedulo, n'kunyamuka choimirira, chitsulo chija chikumulondola kumbuyo. Anazungulira bwalo, anakhota pampopi bwinobwino osaponda pansi, anazunguliranso. Kuseka kuja kunatha. Anatsika patsogolo pa mwamuna wake akupuma mwaphuma, nkhope ikuwala, poganiza kuti banja lake walipulumutsa.

Ba Whyson anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza bandeji ya pantchafu.

“Ndiye kuti ndiwe unafuna kunipaya.”

Acheyamani anayamba kukonza kukhosi kuti atsegule mlandu watsopano, wofuna kupha mwamuna. Mainess sanawadikire. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana chitseko cha nyumba imene ankaidyetsa mobisa ngati wakuba, ndipo misozi imene inali itayamba inauma. Anatsamiritsa njinga pakhoma, n'kuwerama pa mtolo wake.

“Amake Edmond,” anandiitana, “nditwikeni.”

Ndinamutwika. Anthu anapatuka okha kumupatsa njira.