Anthu a Pamphambano

Dokotala wa ku Kitwe sanabise mawu. Anati mapapo a bambo Solomon Miti atha ndi fumbi la mumgodi, ndipo chipatala chilibenso chochita. Mkuluyo atamva anangopempha chinthu chimodzi: akafike kwawo ali moyo, kwa Kambalame, kumapiri a kuseri kwa Chadiza.

Ana ake awiri, Jemimah ndi mlongo wake wamng'ono Lighton, anabadwira ku Wusakile, komboni ya mgodi ku Kitwe komweko, ndipo mudziwo ankangoumva dzina. Bambo awo ankapitako okha kukakhala maliro. Phiri lalikulu limene Jemimah ankalidziwa linali mulu wakuda wa zotsalira za mgodi, umene ankauona popita kuntchito ku Parklands. Anaimbira foni mphunzitsi wina wakumudziko, mawu akudukaduka, nangomva kuti "Tikudikirani." Anabwereka galimoto kwa mkulu wina wa mpingo wa Reformed, anagoneka bambo awo kumbuyo pamapilo, nauyamba.

Tsiku loyamba linathera pamsewu wa tala, ndipo anagona kwa wachibale ku Lusaka. Lachiwiri anawoloka Luangwa, bambo awo akulankhulabe pang'onopang'ono. Pofika ku Katete mawu anali atatha, kwatsala kupuma kolira ngati sowo. Anagonanso, ndipo m'mawa mwake anasiya tala.

Jemimah sanalikonde dzikolo ngakhale pang'ono. Mapiri anali a miyala yokhayokha, ina itakhala pamwamba pa inzake mosagwirika, yongodikira tsiku logwera munthu. Msewu unali wofiira, wokumbika ndi madzi, ndipo unkakhota popanda chifukwa. Palibe chikwangwani, palibe sitolo, palibe ndi minibasi yomwe. Nyumba zinkaoneka ziwiri apa, zitatu uko m'mbali mwa phiri, ndipo iye ankadabwa kuti munthu akadwala kumeneko amatani. Foni yake inali itasiya kugwira kalekale. Anachita mantha, ndipo mantha ake ankatuluka ngati ukali.

"Lighton, thamanga. Uyendetsa monga uli pa ukwati."

"Asisi, onani msewu. Nikathamanga tizasiya suspension pano. Motoka si yathu iyi."

"Nanga atate ni a ndani?"

Lighton anaponda mafuta, mutu wa bambo awo ukugunda pa ntchafu za Jemimah.

Atatsika chigwa china anafika pamphambano pamene kanjira kakang'ono kankapatukira kumanzere. Pansi pa mtengo wa mango panali ngolo, ng'ombe ziwiri zitamasulidwa, ndi anthu angapo atakhala pansi. Ataona galimoto onse anadzuka. Bambo wina wa jekete lakale analowa mpaka m'msewu akukweza manja onse awiri, ndipo mayi wina ankakupiza chitenje.

"Bafuna lift," anatero Lighton.

"Tilibe malo. Osaima."

Mwana wa ku Kitwe amaphunzira zimenezi asanaphunzire kuwerenga: munthu wokuimitsa pamsewu usamuyang'ane m'maso, kweza galasi, pita. Lighton analiza hutala, bamboyo anadumphira m'mbali, ndipo fumbi linawakwirira onse. Nthawi yomweyo bambo Solomon anayesa kudzuka. Anakweza dzanja, nakanda galasi ndi zala, pakamwa pakuyenda popanda mawu.

"Mufuna madzi, atate? Gonani, tili pafupi."

Anawamwetsa ndi kachivindikiro ka botolo. Madziwo anangotsikira m'khosi la shati, ndipo m'maso mwa mkuluyo munatuluka misozi. Jemimah anaganiza kuti ndi ululu.

Msewu unayamba kukwera. Unakwera mpaka makutu kutsekeka, mbali imodzi thanthwe, mbali inayo phompho limene Jemimah anakana kuliyang'ana. Udzu unamera pakati pa msewu. Dzuwa linafika pamutu, kenako linapendeka, koma mudzi osaoneka. Jemimah anayamba kupemphera mokweza, Chinyanja chikusakanikirana ndi Chibemba, osapemphanso machiritso, kungopempha kuti Mulungu awabwereke bambo ake mpaka madzulo. Zala za mkuluyo zinali zitayamba kuzizira.

Pamwamba penipeni msewu unathera pa mlatho wogumuka. Tsidya lino panali mayi akuotcha makala. Jemimah anatsika akuthamanga, nsapato imodzi kutsala m'galimoto.

"Amayi, kwa Kambalame ni kuti?"

Mayiyo anapukuta manja, nagwada pang'ono. "Mwaswera bwanji?"

"Bwino, bwino. Kwa Kambalame?"

"Ndaswera bwino inenso. Kwa Kambalame mwakusiya kumunsi. Uku mukupita ndi ku Mozambique." Anasuzumira m'galimoto, nayang'ananso Jemimah. "Kodi si inu a ku migodi? Simunawaone a Edson pamphambano paja? Lero ndi tsiku lachiwiri akukhala pamenepo. Galimoto silowa kwa Kambalame. Mlendo timamuchingamira kumsewu, akakhala wodwala timapita ndi ngolo."

Dzina la Edson Jemimah ankalidziwa. Anali mng'ono wa bambo ake, amene ankatumiza mtedza m'thumba chaka ndi chaka. Nkhope yake sanaionepo.

Potembenuza galimoto pamalo opanikiza aja Lighton ankalira poyera, osabisa. Potsika sanasamalenso za mwini galimoto. Miyala inkagunda pansi, ndipo Jemimah anakumbatira mutu wa bambo ake, akuwalankhula m'khutu.

"Atate, tawaona. Tibwerera. A Edson alipo, abwera na ngolo. Gwirani mtima, atate, napapata."

Anapitiriza kulankhula choncho mtunda wonse, ngakhale pamene kupuma kuja kunasiya kumveka. Sanamuuze Lighton. Ankaopa kuti akanena, zikhala zoona.

Anawapeza anthu aja ali pomwepo, ng'ombe atazimanga kale m'goli. M'ngolo anali atayala mphasa ndi bulangete, ndipo anazika timitengo ndi kukoleka chitenje pamwamba kuti wodwala asapse ndi dzuwa. Bambo wa jekete uja anabwera pang'onopang'ono, fumbi lofiira lidakali m'tsitsi. Mphumi ndi makutu zinali za bambo a Jemimah zenizeni.

Anatsegula chitseko cha kumbuyo, nagwada pansi.

"Akulu, ndine Edson. Takulandirani."

Anagwira dzanja la mkulu wake. Kenako anavula jekete lija ndi kuwafunditsa kumaso. Amayi amene anali pamenepo ataona anayamba kulira chapansipansi, ndipo wina anakachotsa chitenje chamthunzi chija pangolo.

A Edson sanakalipe. Jemimah ankafuna atamutukwana, atamumenya kumene, koma iwo anangomuyang'ana ndi maso ofiira.

"Ndiwe Jemimah?"

"Ndine, atate aang'ono."

"Ndikufunse chinthu chimodzi, mwana wanga. Ndisagone nacho. Mmene munkadutsa pano m'mawa muja, akulu anga anali moyo?"

Lighton anaweramira pa chiwongolero. Jemimah akanatha kunama, ndipo palibe akanadziwa.

"Anali moyo," anatero. "Anakuonani."