Kamtunda ka Kuseri kwa Galaja

Kawiri konse amake mapasa analephera mayeso oyendetsa galimoto, ndipo kawiri konseko panali pamtunda. Woyesa akangoti aime kenako anyamuke, injini inkazima, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Tsono bwana wa kampani yophika buledi anali atawalonjeza ntchito yoyendetsa vani, koma ananenetsa kuti Lachisanu likadutsa alibe laisensi, alemba wina.

Mayiwa sanali aulesi ayi. Tsiku lililonse ankazungulira misewu yopanda zitunda maola awiri, kusintha magiya mokoma, chigongono chili pawindo, n'kubwera kunyumba akudzitama. Mlamu wawo, makaniko wapakamwa ngati lumo, anawaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo akungobwereza zomwe amazidziwa kale poti n'zimene zimawakomera, pomwe chowagwetsacho akuchilambalala ngati galu wolusa.

Anawatengera pakamtunda kuseri kwa galaja yake, n'kuika katoni yopanda kanthu kumbuyo kwa tayala.

"Alamu, lero simupita kulikonse. Nyamukani, imani, nyamukaninso. Wailesiyo muzime, mumvetsere injini. Ikasintha kaliridwe, m'pamene muzimasula handibuleki."

Zinawanyansa zedi. Munthu wamkulu, wa ana ake, kumangosuntha mikono iwiri anthu akuonerera! Tsiku loyamba makatoni asanu anaphwanyika, ndipo mayiwa anatsala pang'ono kulira. Koma nthawi iliyonse mlamuyo ankangowafunsa kuti alakwitsa pati, osawauza yankho, mpaka anazindikira okha kuti mantha ankawachotsetsa phazi pakilachi msanga. Pofika Lachinayi ankanyamuka kakhumi motsatizana, katoni ili chilili.

Lachisanu woyesa anali yemwe uja wankhope yosaseka. Anawaimitsa pamtunda, ndipo ngati dala, lole ya mchenga inadzaima kumbuyo kwawo, pafupi penipeni. Mayiwa anatukula phazi pang'onopang'ono, injini inasintha kaliridwe, anamasula handibuleki, galimoto n'kukwera myaa, osabwerera ngakhale pang'ono. Anachita kuluma mlomo kuti asakuwe ndi chimwemwe.

Woyesa analemba papepala lake n'kusaina. Kenaka anakankhira mpando m'mbuyo, kutambasula miyendo, manja n'kuwapinda pamimba.

"Mwakhoza, mayi. Tiyeni tizipita ku ofesi. Mukandidzutse tikafika."