Jeki Yakana pa Mtsetse wa Chowe

Teyala la tilela linaphulika Sefu atangoyamba kutsetsereka ku Chowe. Anaimika pikapu m'mbali mwa msewu, mtima uli m'mwamba. M'tilelamo munali ng'ombe yamphongo imene anakaitenga ku Namwera, ya phwando la nikaha, ukwati wa Chisilamu, ya mwana wake Nadia, ndipo nikahayo inali mawa lake.

Alamu ake, a Amidu, anatsika mosapupuluma n'kuyamba kutchinga mateyala ndi miyala. Sefu n'kuti atagwada kale, jeki ili m'manja. Inali jeki yonga botolo, yaifupi koma yojintcha. Anaikankhira pansi pa ekiselo, mutu wa jekiyo n'kugunda chitsulo. Teyala litaphwa, tilela inali itatsika kwambiri. Anaipendeketsa, anaitembenuza, anayesa cha pakati, koma ayi ndithu.

"Ikulowa?" anafunsa a Amidu.

"Yatsala pang'ono."

"Kutsala pang'ono si kulowa, alamu."

Foni inalira m'thumba. Anali Ajira, mkazi wake. "Bambo a Nadia, muli pati kodi? Alendo a ku Makanjira afika, ndiwo palibe."

"Tayandikira," anatero Sefu, maso ali pa jeki.

Mayi wina wochokera kumunda anawabwereka khasu. Sefu anakumba pansi pa ekiselo atagona chafufumimba, thukuta likumulowa m'maso, mpaka jeki inaima bwinobwino m'kadzenjeko. Anayamba kupopa. Tilela inadzuka pang'onopang'ono, koma ng'ombe itamva pansi pakupendekeka inadzigwedeza n'kuponda mwamphamvu. Jeki inaterereka. A Amidu anamukoka mwendo Sefu, chitsulo n'kugwera pomwe panali dzanja lake.



"Itsike ng'ombeyi," anatero a Amidu. "Mukufuna Nadia akwatiwe bambo ake ali m'chipatala?"

"Ikathawira m'phirimu ndiye titani?"

"Chingwe ndigwira ine."

Ng'ombe sinavute kutsika. Inapita pa udzu n'kuyamba kudya ngati ili kwawo. Sefu anayala mwala wophwatalala m'dzenjemo, n'kuimikapo jeki. Ulendo uno inagwira. Anasintha teyala, namanga mabawuti.

Vuto linabwera pokweza ng'ombe ija. Anaikoka, inakana. Anaikankha, inakhwimitsa miyendo. Sefu anainyengerera ndi masamba a chimanga, anaikalipira m'Chiyao, anaikalipiranso m'Chichewa, koma iyo inangoyang'ana tilelayo n'kupukusa mutu. Foni inaliranso, osaiyankha.

"Yaonapo zoopsa mmenemo, sikweranso," anatero a Amidu. "Miyendo ili nayo. Inu tsogolani ndi galimoto."

Sefu anatsogola, koma mtima sunakhale pansi. Ankati akayenda pang'ono, n'kuima, kusuzumira pagalasi, kutsika, kukweranso. Atafika pa kagolosale kena kumunsi kwa phiri, anasiya galimoto m'manja mwa mwini golosaleyo n'kubwerera wapansi kukakumana nawo.

"Bweretsani chingwecho, alamu. Mwana ndi wanga, ng'ombe ndiikoke ndekha."

Anafika pa mlatho wa Shire azana ya masana italira kalekale ku mzikiti, fumbi lili mbuu m'miyendo. Amakabaza ankaliza mabelu kumbuyo kwawo. Ajira anawachingamira kutsidya atamanga chitenje m'chiuno. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana mwamuna wake.

"Nanga galimoto?"

"Tikambirana kunyumba," anatero Sefu. "Tandipatseniko madzi akumwa kaye."