Boti la a Fackson

Vaneti inatsokomola kawiri pa chitunda cha Chilanga, kenaka inangoti zii. Cephas anaponda buleki, boti limene ankakoka pangolo kumbuyo n'kugwedezeka.

"Fakani mwala ku tayala, ba Norah," anauza mlongo wake wamkulu.

Norah anatsika mwaulesi. Panali patangopita masiku anayi chiikireni bambo awo, a Fackson, kumanda a ku Chingwere, ndipo miyendo inali ikadalema ndi zapamaliro. A Moven, mng'ono wa malemuwo, anangokhala m'galimoto, chipewa chili pabondo.

Cephas atatsegula boneti, nthunzi inamuwomba kumaso. Anasolola kachidutswa ka labala.

"Lamba ya fani yajubika."

"Ninakamba ine," anatero a Moven pawindo. "Chinthu cha pamanzi mupeleka ku komboni ya George, kwamene olo manzi yakumwa tiimilila pa laini."

A Fackson anagwira ntchito zaka makumi awiri pa kalabu ina ya maboti a matanga m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Kwacha itayamba kugwa, eni maboti anachoka mmodzimmodzi, kalabu n'kutsekedwa. Womaliza kuchoka anawasiyira kaboti kameneka. Ntchito ina sanaipezenso, komabe Loweruka lililonse ankakwera basi kukalipala ndi kulipenta, denga la kunyumba likudontha.

"Kuli musodzi ku Kafue angaitenge lelo lamene," anapitiriza a Moven. "Katundu wa bakulu banga ndine niyenela kukambapo."

"Wailesi mwatenga, ba tate," anayankha Norah osakweza mawu. "Njinga mwatenga, na suti. Iyi amai bakamba ati ibwele ku nyumba."

A Moven anayang'ana kumbali.

Cephas anayenda wapansi kukafunsa ku galaja ya patsidya pa msewu. Anabwerako patapita ola, manja ali lende, nsapato zitayera ndi fumbi.

"Ati masipeya kulibe kuchokela Januwale." Anakhala pansi mumthunzi wa botilo. "Ba Norah, motoka ni ya bene, baifuna pa folo koloko. Mwina tiisiye chabe boti. Ine nalema."

Norah naye anali atatopa. Botilo sankalikonda, linawalanda bambo awo Loweruka lililonse. Koma anakumbukira mmene mayi awo, a Maud, anapemphera botilo m'mawa uja, mwakachetechete, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi. Anakwinda chitenje, nakwera pangolo, namasula kachingwe kolimba kamene kanamanga thanga kumlongoti.

"Yesa iyi."

Cephas anakulunga chingwecho m'mapule a injini m'malo mwa lamba uja, namanga mfundo. Ataliza injini, mfundo inadumpha nthawi yomweyo. Anayesanso, zomwezo.

Chitseko chinalira. A Moven anatsika, napinda manja a shati. Anali makaniko wa mabasi asanawadule ntchito.

"Choka apo. Sibamanga so."

Anamasula nsonga za chingwe, nazilukanitsa ulusi ndi ulusi, mpaka polumikiza panasalala. Kenaka anachikoleka m'mapule.

"Ni ba Fackson bananiphunzisa kuluka so," anatero, osayang'ana munthu. "Nenze kuganiza ati ni va masobela."

Ulendo uno chingwe chinagwira. Madzi a mu redieta anawapatsa mayi wina wogulitsa tomato. Anayenda ngati ali pamdipiti wa maliro, akumaima kuti injini izizire. Chingwe chinaduka pa msewu wa Lumumba, a Moven n'kuchilukanso.

Anafika ku George dzuwa litapendeka. Njira yolowera kwawo inali yopapatiza, motero anamasula ngolo, azibambo apafupi n'kuthandiza kukankha pakati pa ngalande ndi mipanda ya malata. Palibe anaseka. Botilo linaima pabwalo pamene panali tenti ya maliro, loyera mbee pakati pa phulusa la nkhuni.

A Maud anatuluka, mpango wakuda uli kumutu. Analizungulira kamodzi, akulisisita ndi chikhato. Kenaka anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa kakiyi.

"Inali m'thumba mwa buluku yao ku chipatala. Segula apo kusogolo."

Norah anatsegula kakabati ka kumphuno kwa boti. Munali thumba la ufa lochapidwa bwino, m'kati mwake muli majekete atatu oyandamitsa munthu pamadzi. Lililonse linali ndi dzina lolembedwa ndi penti: MAUD, NORAH, CEPHAS. Awiriwo anali a ana aang'ono.

"Banali kukamba ati mukakulako pang'ono, tizayenda tonse," anatero a Maud.

Anatenga la Cephas, nalitambasula pachifuwa cha mwana wawoyo, pa shati yodetsedwa ndi girisi. Silinafike n'komwe m'mapewa. Analigwirizira pomwepo kanthawi, kenaka analipinda motsatira mizere imene amuna awo anasiya.