Chikalata cha Sajeni Tackett

Marlys anakhuthulira pabedi zonse zimene zinali m'kabati ya malemu bambo ake: masokosi atatu osafanana, magalasi omanga ndi waya, ndi mulu wa matikiti a basi otha ntchito. Chikalata chimene ankafuna munalibe.

"M'matumba a jekete wayang'anamo?" anafunsa mlongo wake Roscoe, ataima pakhomo manja ali m'thumba.

"Kawiri konse. Iwe manja akowo unabwereka kwa munthu?"

Bambo awo, Orrin Tackett, anamwalira Lolemba m'nyumba imeneyi yosungiramo asilikali akale osowa pokhala, mumzinda wa Toledo. Ana awiriwa anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osawaona. Mowa ndi ukali ndi zimene zinawachotsa pakhomo, ndipo Marlys sankabisa kuti anatopa nawo. Komabe sankafuna kuti boma liwotche thupi lawo ngati la munthu wopanda abale. Ankafuna akagone kumanda a asilikali, lipenga lilire, mbendera ipindidwe. Koma kumandako salandira munthu popanda chikalata chimene msilikali amapatsidwa tsiku lotuluka usilikali, ndipo a kumotchale anali atanenetsa kuti Lachisanu likafika sasunganso thupilo. Apa n'kuti lili Lachinayi masana.

Mayi Beasley, oyang'anira nyumbayo, anasuzumira m'chipindamo. "Ndaitanitsa china kulikulu, koma kunena zoona sabata ino sichifika."

"Ndiye ntchito yanu ndi yotani kwenikweni?" Marlys analusa. "Munthu wakhala pano zaka zinayi, mulibe ngakhale fotokope?"

"Tinawapempha mpaka tinatopa. Inu bambo anu mukuwadziwa."

Pabedi la pambali panali nkhalamba ina dzina lake Hollis, imene inkasoka batani la malaya. Inaseka mpaka kutsokomola.

"Chikalata cha Sajeni? Chimenecho sichigona pano, mwanangu. Chimayenda kuposa ine."

Hollis anafotokoza uku akupitiriza kusoka. Amuna ambiri ogona pansi pa milatho anataya mapepala awo kalekale, ndipo popanda chikalatacho munthu sapeza bedi, mankhwala kapena thandizo la ntchito. Akapita kuofesi ya asilikali akale kukapempha china sadziwa choti anene, amangotumizidwa windo ili ndi ilo mpaka kugwa ulesi. Tsono Sajeni ankatulutsa chake n'kumupatsa munthu. Ankamuuza kuti akachiike pawindo, anene kuti akufuna chake chonga chimenecho, basi.

"Chenicheni?" anafunsa Roscoe. "Makina a fotokope ali m'khonde momu!"

"Ankati fotokope munthu amaminira chimfine. Koma ukamupatsa chenicheni amachita manyazi kubwera nacho asanafike pawindo."

Marlys anamva mtima kuwawa, ndipo sanadziwe ngati unali mkwiyo kapena nsanje. Munthu amene sanapondeko kusukulu kwa ana ake ngakhale tsiku limodzi ankatha kusamala alendo chonchi! Ndipo chifukwa cha kusamalako, tsopano akawotchedwa ngati zinyalala.

"Tingowasiya awotche," anatero Roscoe motsitsa mawu. "Eni akewo sanaganize za mawa, ife tivutikirenji?"

"Tenga makiyi a galimoto, usandiyankhulitse pambali."

Hollis anati womaliza kutenga chikalatacho anali mwamuna wamtali wotchedwa Delmar, wogona cha kumlatho wa sitima. Kumlathoko anapeza makatoni okhaokha. Kutchalitchi kumene amagawa supu anawauza kuti wachoka posachedwa. Wina anawalozera kumpoto, mnzake n'kulozera kumwera, wachitatu anayamba wapempha ndudu kenako n'kuvomera kuti Delmar sakumudziwa n'komwe. Roscoe ankangoyang'ana wotchi n'kumatsonya. Nthawi itadutsa folo koloko anamupeza Delmar atakhala kuseri kwa shopu ya matayala yotsekedwa, atafunda bulangete ngakhale kunali dzuwa.

"Ndinu a Delmar? Ine ndine mwana wa a Tackett. Chikalata chawo muli nacho?"

Mwamunayo anapisa dzanja m'kati mwa malaya n'kutulutsa pepala la pulasitiki la buledi. Chikalatacho chinali momwemo, chopindapinda, chakuda m'mbali ndi zala za anthu ambiri. Marlys anatambasula dzanja, koma Delmar anachibwezera pachifuwa.

"Sindingakupatseni, mayi. Sajeni anandilumbiritsa. Anati usampatse munthu, ngakhale ine ndemwe, usanaime pawindo."

"Anakupatsani liti?"

"Masabata atatu apitawo."

"Masabata atatu! Ofesi ili apa ndi apo, bambo, mumadikira kuti ikutsatireni?"

"Ndinafika pachitseko kawiri." Delmar anayang'ana nsapato zake. "M'chipinda mukadzaza anthu, ine mpweya umandithera. Ndinabwera nazo kunkhondo zimenezi."

"Akulu, tamverani," anatero Roscoe. "Sajeni wanuyo anamwalira Lolemba. Lumbiro latha. Popanda pepala limenelo mawa amuwotcha, ndipo ofesi itseka faifi koloko."

Delmar anavula chipewa pang'onopang'ono. Dzanja lina silinachoke pachifuwa paja. Roscoe anasendera kuti angotsomphola, ndipo akanatha, poti munthuyo anali mafupa okhaokha. Marlys anagwira mkono wa mlongo wakeyo.

Anaima kaye akupumira m'mwamba. Ankafuna kutukwana bambo ake, ofesi, nkhondo, ndi mwamuna wouma mutuyu pamodzi. M'malo mwake anapita pagalimoto, natsegula chitseko chakutsogolo, n'kuponyera chikwama chake kumbuyo.

"Lowani. Ofesi imene ifenso tikukachipereka ndi yomweyo. Muyambe ndinu pawindo, mukatha mundipatse. Anthu akakuchulukirani musatembenuke, ine ndiima kumbuyo kwanu."

Delmar anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuzindikira nkhope.

"Nawonso Sajeni anatero," anayankhula chapansipansi. "Anati ndikalephera kachiwiri, ulendo wachitatu adzabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Ndimawadikira."

Delmar anapinda bulangete lake bwinobwino, nakhala pampando, pepala la buledi lija atalisanjika pamaondo ndi manja awiri. Lamba wapampando anamukanika kukoka, ndipo Marlys anawerama n'kumumangira.